Risiti ya Mfuti ya Malemu Jacob

CHIDZIWITSO. M'mwezi wonse wa Seputembala, aliyense amene akusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo abwere nazo kutenti ya pabwalo la mpira. Sadzafunsidwa dzina. Sadzafunsidwa kumene anazitenga. Sadzamangidwa. Mtendere ndi udindo wa tonse.

Kumalayini, pafupi ndi Masambanjati
3 Seputembala

Amalume a Dixon,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko pamodzi ndi anti. Kuno tilipo. Tiyi wachepa ndi dzuwali, moti pasikelo pomwe ndimalemba makilo a othyola ndikumaweruka dzanja lisanatope.

Mawu ali pamwambawo ndawakopera pa chipepala chomwe amata paofesi ya esiteti ndi pamjigo. Sindinachotsepo chilembo, chifukwa akutikhudza. Kalatayi ndapatsira a Fackson a lole ya nthochi. Nkhaniyi si ya pa foni, makamaka foni yanu yomwe mumaiika pa sipika ngakhale muli m'minibasi.

Mukukumbuka kuti mu Febuluwale, zipolowe zitafika kwawo kuseri kwa Milanje, msuweni wanga Elson anatulukira kuno ndi mkazi wake Lisa atayenda masiku asanu ndi limodzi. Bambo ake, achimwene anu a Jacob, anamwalirira m'njira. Elson anasiya mbale ndi mabulangete ake, koma katundu wa bambo ake anamusenza yense, atamukulunga m'mphasa, n'kudzamtula kwa amayi, poti za malemu n'za mbumba yawo. Amayi anati mtolowo ukhale pamitanda ya denga la khitchini mpaka mwinimbumba adzaumasule. Mwinimbumbayo ndinu. Munati mubwera pa Isitala.

Dzulo Elson anandiwerengetsa chipepala chija kawiri, poti iye amawerenga Chipwitikizi chokha. Kenako anandikokera kuseri kwa bafa.

"Msuweni, mumtolo muja muli jekete, wailesi ndi nkhwangwa."

"Ndiye ukufuna ndikuombere m'manja?"

"Mulinso mfuti."

"Gogodela wosakira agwape?"

"Ya nkhondo. Ya kale ija. Abambo anaifukula tsiku lomwe msika unapsa, koma sanaombe ndi kamodzi komwe. Anangoinyamula mpaka kufa."

Ndinamufunsa kuti miyezi isanu ndi iwiri yonseyi amadikira chiyani osanena. Akuti palibe anamufunsa.

Ndiye kuti, amalume, takhala tikuphika pansi pa mfuti kuyambira Febuluwale, m'nyumba ya kampani mmene saloleza ngakhale mbuzi. Ikapezeka mwezi uno utatha, amene apite kundende ndi Elson, munthu wopanda chiphaso, wobwera dzana. Ikaperekedwa mwezi uno, akuti palibe mlandu.

Elson akuti sangamasule mtolo popanda mawu anu. Amayi akuti sangaumasule popanda inuyo. Ine ndingaumasule lero lomwe, koma akuti ndine mwana, ngakhale ndili ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Bwerani, kapena lembani kuti tikapereke. Masiku atsala 27.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Triza


Lilongwe
9 Seputembala

Triza,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye wathu. Ife tili bwino, kupatula miyendo ya anti ako. Upereke moni kwa achemwali anga a Salome.

Kalata yako ndaiwerenga ndili chilili. Poyamba, zinthu zotere usamazilembe ndi dzina lake. Ine ndimayang'anira alonda khumi ndi awiri pakampani pano, ndinenso mkulu wa mpingo. Ukanangoti "chitsulo" ndikanamva.

Chachiwiri, mtolowo usakhudzidwe. Si nkhani ya mizimu, ine ndine Mkhristu. Ndi nkhani ya dongosolo. Katundu wa malemu amamasulidwa pamaso pa mbumba yonse, kuphatikizapo abale athu a ku Chimaliro. Chinthu chikatuluka mumtolo iwo asanachione, mawa adzati Dixon anagulitsa mfuti ya mkulu wake n'kumangira mpanda. Umawadziwa anthu a ku Chimaliro.

Chachitatu, a Fackson andiuza kuti a bungwe loyendetsa tentiyo akupereka feteleza kwa obweretsa zida. Tsopano ndamvetsa chifukwa chake mtolo womwe wakhala chete miyezi yonseyi wayamba kukuyabwani dzinja litayandikira. Amayi ako akumbukire kuti agogo ako atamwalira, makina osokera anachoka m'nyumba ine ndisanafike. Sindinalankhule. Sizibwerezeka.

Za tsiku lotsekera usade nazo nkhawa. Boma likati pa 30, ndiye kuti pa 15 mwezi wotsatira. Ndapempha tchuthi cha Novembala.

Nandolo akolola? Muwapatsire a Fackson ndowa imodzi.

Malume ako,
D.


Kumalayini
14 Seputembala

Amalume,

Moni. Tamva za miyendo ya anti, pepani. Nandolo ali m'thumba lomwe a Fackson akupatseni.

Feteleza kulibe. Wobweretsa chida akulandira khasu lopanda mpini ndi tisheti yolembedwa MTENDERE. Ngati mukuona kuti amayi angagulitse ulemu wa mbumba ndi tisheti, ndiuzeni saizi yanu.

Lachitatu lapitali anthu awiri okhala ndi mfuti anabera golosale pa Masambanjati dzuwa likuswa mtengo. Sanagwidwe. Pofika Lachinayi, malayini onse anali atadziwa kale kuti ndi "obwera". Obwerawo tili nawo mabanja khumi ndi limodzi, onse akusungidwa ndi abale monga ife. Anthu anayamba kale kuwadandaula: akuti akutha nkhuni za bulugamu, akutalikitsa mzere pamjigo, akulola ganyu yotchipa kunazale ya tiyi. Elson amagwira ganyu kunazale komweko. Tsopano akafika, anzake amasiya kucheza.

Dzulo kunali msonkhano wa Komiti ya Mtendere m'shedi yopimira tiyi. Wapampando ndi kapitawo Stafford, yemwe uja anamenya mpongozi wake pa Khirisimasi. Kunabwera mtsikana wa bungwe wochokera ku Blantyre, dzina lake Rachel, wa mtima wabwino ndi nsapato zoyera. Anatijambulitsa mtengo papepala lalikulu, kuti mizu ikhale zoyambitsa mkangano, masamba akhale zotsatira zake. Tinagwirana manja. Tinamwa zoziziritsa kukhosi. Kenako Rachel anati, "Kodi si zoona kuti ambirife makolo athu anachokera tsidya lomwelo kumene achokera obwerawa?"

Mayi Mildred a Layini B anaimirira n'kukonza chitenje. "N'zoona, mwanawe. Koma agogo athu anabwera ndi makasu."

Anthu anaomba m'manja. Lisa, mkazi wa Elson, anayang'ana pansi mpaka msonkhano kutha. Rachel analemba mawuwo pa muzu wina wa mtengo uja.

Potseka, a Stafford analengeza kuti mwezi ukangotha alonda a esiteti adzalowa nyumba ndi nyumba pamodzi ndi apolisi, kuyambira nyumba zosunga alendo. Izi si za boma lanu lochedwa lija. Ndi za kapitawo, ndipo kapitawo sachedwa.

Novembala ndi kutali. Masiku atsala 16. Amayi alemba yawo, ndaipinda pamodzi ndi ino. Sindinaikonze.

Triza


Achimwene,

Muli bwanji. Ine ndilipo.

Makina osokera aja anali akufa. Ndimaikapo ndowa ya madzi. Bwerani mudzawatenge pamodzi ndi dzimbiri lake.

A Jacob munawaika ndinu? Ndinawaika ndine? Mwanayu anakumba manda ndi nkhwangwa m'mbali mwa mtsinje, yekha, mkazi wake akuyang'anira njira. Atatha anasenza katundu wa bambo ake kubwera naye kwa ife osabapo ngakhale batani. Mwana wa masiku ano angachite zimenezo ndani? Ndiye lero tim'pereke kundende chifukwa cha ulemu wakewo?

Ine sindimasula mtolo, ndikudziwa malo anga. Koma inu dziwaninso anu. Mwinimbumba si wa nandolo yekha.

Salome


Lilongwe
21 Seputembala

Triza,

Moni nonse. Nandolo ndalandira, ngakhale anali ndi anankafumbwe pang'ono.

Mawu a amayi ako andipweteka, koma ndapemphera ndipo ndakhululuka. Ndalingalira. Chitsulocho chikaperekedwe. Elson amasule mbali imodzi yokha ya mphasa, amayi ako akuona, atulutse chimenecho basi. Jekete, wailesi ndi nkhwangwa zidikire ine.

Koma pali lamulo limodzi, ndipo pa ili sindisuntha. Chinthu cha malemu sichitayidwa ngati chotola. Elson akapereke yekha, ndipo am'patse pepala. Papepalapo palembedwe kuti chinali cha malemu Jacob, chaperekedwa ndi mwana wawo Elson wa nyumba yakuti, mwa chilolezo cha mwinimbumba Dixon. Pakhale chidindo. Pepalalo munditumizire, ndidzaliwerenga pamaso pa abale ku Chimaliro tsiku logawa katundu. Popanda pepala, chitsulocho chibwerere padenga.

Umuwerengere Elson kalatayi mawu ndi mawu. Ndidzamufunsa.

Malume ako,
D.


Kumalayini
29 Seputembala

Amalume,

Moni. Kalata yanu ya pa 21 yafika pa 27. Lole ya a Fackson inathyoka sipuling'i ku Zalewa, inagona komweko masiku anayi pamodzi ndi chilolezo chanu.

Ndinamuwerengera Elson mawu ndi mawu. Ndikanatha kudumpha ndime ya pepala ija, ndipo ndikudandaula kuti sindinatero. Ndinamuuza kuti ubwino wonse wa tenti ija ndi woti salemba maina. Anandiyankha kuti, "Abambo aang'ono anena." Ndinati abambo aang'onowo ali ku Lilongwe, iye ali kuno. Anati, "Msuweni, ndilibe dziko, ndilibe munda. Ndatsala ndi mbumba ya abambo. Akandinena kuti ndine wakuba, ndipita kuti?"

Tapita lero m'mawa. Mfuti ija anaiika m'dengu lothyolera tiyi, pamwamba n'kuphimba ndi masamba a nthochi. M'tenti munali Rachel, wapolisi mmodzi wachikulire ndi bokosi lachitsulo. M'bokosimo munali agogodela awiri ndi mpeni wa dzimbiri. Mwezi wonse, amalume. Elson atatulutsa yake, wapolisi uja anaimirira, ndipo Rachel anagwira pakamwa. Anaiyang'ana, anachotsa zipolopolo, anaiika m'bokosi.

"Zikomo bambo. Tengani khasu, muzipita."

Elson sanasunthe. "Pepala."

"Pepala lanji?" anafunsa Rachel.

"Lolemba kuti ndapereka. Dzina la abambo, dzina langa, ndi chidindo."

"Ayi bambo, kuno sitilemba maina. N'zokutetezani inu nomwe."

"Ndiye ndibwezereni mfuti yanga."

Wapolisi uja anaseka mpaka kutsokomola. "Aise, ndagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu. Sindinaonepo munthu wokakamira kulembedwa."

Elson anafotokoza za mbumba, za Chimaliro, za inu. Rachel anamuchonderera kawiri. Ine ndinamutsina pamkono. Wapolisiyo, yemwe ndi wa ku Nchilamwela ndipo miyambo amaidziwa, anati, "Iyayi, mnyamatayu akunena zoona. Kwathunso zikanavuta." Anatulutsa m'chikwama buku la marisiti wamba, n'kuyamba kulemba. Elson anatchula zonse momveka bwino ngati ali pa ubatizo: Jacob, Elson, Layini C nyumba 14, mwinimbumba Dixon. Nambala ya mfuti anaikoperanso. Kenako chidindo cha bungwe, chokhala ndi deti komanso mawu oti YAPEREKEDWA MWAUFULU.

Ine ndine kalaliki, amalume. Ndimadziwa kuti pansi pa tsamba loyera pamakhala kaboni, ndipo pansi pa kaboni pamakhala tsamba lina. Ndinapempha kuti ang'ambe lachiwirilo atipatse. Anati masamba ali ndi manambala, likasowa limodzi amufunsa.

Elson wabwera kunyumba akumwetulira, koyamba chifikireni. Khasu lija walisemera kale mpini. Risiti yanu nayi, ndaikulunga m'pulasitiki kuopa mvula yoyamba.

Triza


Kumalayini
8 Okutobala

Amalume,

Moni ndipereka tsiku lina. Tumizani risiti ija msanga, ndi lole yomweyi.

Tenti anaigwetsa pa 1. Dzulo cha m'ma 10 koloko apolisi atatu anafika kunazale, osati wachikulire uja, ena ochokera kuboma. Anam'peza Elson akuthira dothi m'machubu. Anali ndi tsamba lachiwiri lija m'manja. Akuti pofufuza za golosale ya pa Masambanjati anapempha mabuku onse okhudza mfuti, ndipo m'boma lonse lino mfuti ya nkhondo yokhala ndi dzina ndi nambala ya nyumba ndi imodzi yokha.

Ndinathamangira kupolisi ndisanatseke buku la sikelo. Ndinawauza kuti anaipereka yekha, mwezi wa chikhululuko usanathe. Wa pakauntala anandionetsa tsambalo. "Mayi, palembedwa pati zimenezo?"

Ndinaliyang'ana. Kaboni amakopera cholembera, amalume, sakopera chidindo. Maina onse alipo, nyumba ilipo, nambala ya mfuti ilipo. Deti palibe. YAPEREKEDWA MWAUFULU palibe. Tsambalo likungoti mfuti iyi inali kwa munthu uyu.

Wapolisi wachikulire uja akuti ali patchuthi kwa mwana wake ku Mzuzu. Rachel ndinamuimbira. Analira pafoni, anati polojekiti inatsekedwa pa 30, chidindo anabweza kuofesi, koma alembera abwana ake. Kumalayini a Stafford akuuza anthu kuti komiti yawo yagwira ntchito. Mayi Mildred akuti iwo ananena kale.

Wa pakauntala wati tikabweretsa tsamba loyera lokhala ndi chidindo, nkhani ya mfuti ikhoza kutha. Lili kwa inu. A Fackson abwerera Loweruka.

Triza


Lilongwe
11 Okutobala

Triza,

Ambuye atitonthoze tonse pa nthawi yovutayi.

Ndiyenera kukuuza zoona. Nkhani ya kumangidwa kwa Elson inandipeza kalata yako isanafike. Mlamu wa a Stafford amagwira ntchito pakampani yoyandikana nafe, ndipo Lachitatu anandiuza pageti, alonda anga akumva, kuti kwathu kwagwidwa wachifwamba ndipo papepala lake pali dzina langa. Taganiza, mwanawe. Woyang'anira alonda, dzina lake lili papepala limodzi ndi nambala ya chitsulo cha nkhondo. Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume. Anti ako anati apolisi akhoza kufika nthawi iliyonse. Pepala munanditumizira lija ndinalichotsa m'Baibulo mmene ndinalisunga, n'kulitentha pambaula.

Ndikanadziwa kuti likufunika sindikanatero. Koma nawenso, monga munthu wophunzira, ukanalijambula ndi foni usanatumize. Ndiponso sindinanene kuti dzina langa lilembedwe moonekera chotero.

Usawauze amayi ako mwadzidzidzi, ali ndi BP. Ndaika dzina la Elson pa mapemphero a Lachinayi. Choonadi chidzaoneka.

Za Novembala ndiona kaye mmene zinthu zikhalire. Mwina si nzeru kuti ndioneke kumeneko pakali pano. Katundu wotsalayo asungidwe bwino.

Malume ako,
D.


Kumalayini
19 Okutobala

Amalume,

Moni. Kuno mvula yagwa kawiri, tiyi wayamba kuphuka, pasikelo pali mzere.

Amayi ndawauza mwadzidzidzi, poti njira ina sindinaipeze. Sanagwe. Anapita kukhitchini, anatsitsa mtolo, anaumasula wonse okha. Jekete am'patsa Lisa kuti akam'patse mwamuna wake, chifukwa kumene aliko akugona pasimenti. Wailesi ilibe mabatire. Akuti a ku Chimaliro akafunsa, muwauze kuti wakuba ndi Salome.

Pepala lija sindinalijambule chifukwa munandiphunzitsa ndinu kuti zinthu zotere sizisungidwa m'foni. Pamenepo ndinalakwa, ndavomera.

Abwana a Rachel ayankha kuti bungwe lawo silisunga maina a opereka zida, choncho sangathe kutsimikiza kuti Elson anafikako kutenti. Atitumizira lipoti la polojekiti, lamasamba onyezimira. Mfuti ya a Jacob ili pachikuto.

Akuba a pa Masambanjati anagwidwa Lachiwiri ku Luchenza. Ndi anyamata a konkuno, mmodzi mwa iwo ndi mdzukulu wa mayi Mildred. Pamjigo nkhaniyi sikukambidwa.

Lisa amanyamuka m'mawa uliwonse wapansi ndi kambale ka chakudya, amabwerako dzuwa litapendeka. Akufunsa ngati mungalembe kalata yoti munalamula ndinu kuti pepala lilembedwe. Ndamuuza kuti ndifunsa. Ndafunsa.

Triza

Elson wagona m'chitokosi masiku khumi ndi awiri. Lolemba akupita kukhothi. Mlandu wake ndi wopezeka ndi mfuti popanda chilolezo.